Kodi Moyo Umachepa Mtengo Mwendo Utadulidwa?

M'ZIPATALA zambiri padziko lonse, madokotala ochita opaleshoni amamva yankho lina mobwerezabwereza. Pamene auza wodwala kuti phazi lake lawola ndi kuti mwendowo uyenera kudulidwa kuti iye akhale ndi moyo, wodwalayo amayankha kuti kuli bwino kufa ali wathunthu. Ena amasintha maganizo patapita masiku angapo. Ena amatengedwa ndi achibale awo kubwerera kumudzi, kumene kuwolako kumakwera pang'onopang'ono ndi kuloŵa m'mwazi kufikira munthuyo atamwalira.

Chosankha choterocho chimazikidwa pa kuneneratu za mtsogolo. Wodwalayo, ndipo kaŵirikaŵiri achibale ake omwe, amakhala atagamula kale kuti moyo wa munthu wa mwendo umodzi ngwachabechabe. Kodi chigamulo chimenecho ncholondola? Ndipo kodi ndani amene ali woyenerera kuyankha? Kodi ndi dokotala, banja, boma limene limalipirira mankhwala, kapena munthu amene wakhala zaka zambiri popanda mwendo?

Funsoli silikhudza anthu oŵerengeka chabe. Mu 2005, akatswiri a nthenda ya shuga anayerekezera kuti pa masekondi 30 alionse munthu wina padziko lapansi anali kudulidwa mwendo kapena mbali yake chifukwa cha nthendayo. Pafupifupi 85 peresenti ya maopaleshoni amenewo amayambira pa chilonda cha kuphazi, mwinamwake chochititsidwa ndi nsapato yothina kapena munga umene munthuyo sanaumve chifukwa chakuti minyewa ya kuphaziko inafa. Kutsekeka kwa mitsempha ya mwazi, kumene kusuta fodya kumakulitsa, ngozi za pamsewu, kansa ya m'mafupa, ndi kulumidwa ndi njoka zimawonjezera chiŵerengerocho. M'maiko onga Angola ndi Mozambique, mabomba okwirira pansi anapitiriza kupundula alimi ndi ana kwa zaka zambiri nkhondo zitatha. Dziko la Mozambique linalengeza kuti lachotsa mabomba onse odziŵika mu September 2015, zaka 23 pambuyo pa pangano la mtendere la mu 1992. Komabe, ambiri amene anavulazidwa adakali moyo, ndipo funso limeneli amadzuka nalo mmaŵa uliwonse.

Zimene Zimatayikadi

Yankho loona mtima liyenera kuyamba mwa kuvomereza kuti kudulidwa mwendo nkutaya kwakukulu. Munthu woyendera mwendo woikirira amagwiritsira ntchito nyonga yochuluka pa phazi lililonse limene aponya. Kufufuza kwasonyeza kuti munthu wathanzi wodulidwa kumunsi kwa bondo angafunikire nyonga yowonjezereka ndi pafupifupi 25 peresenti kuti ayende mtunda umene anali kuyenda kale, pamene wodulidwa kumtunda kwa bondo angafunikire yoposa 60 peresenti. Kwa okalamba amene mitsempha yawo ya mwazi njotsekeka, chiŵerengerocho chimakwera kuposa pamenepo, ndipo ambiri a iwo samafika konse pa kuyendera mwendo woikirira. Nchifukwa chake madokotala amayesayesa zolimba kusiya bondo ngati kuli kotheka. Masentimita oŵerengeka a fupa angakhale amene akulekanitsa munthu wodziyendera yekha kumsika ndi munthu wonyamulidwa.

Ndiyeno pali ululu wachilendo. Ambroise Paré, dokotala wa ku France wa m'zaka za zana la 16, amene anatchuka chifukwa cha kumanga mitsempha ya mwazi ndi ulusi m'malo mwa kuiwotcha ndi chitsulo chamoto, analemba modabwa za odwala amene anali kudandaula kuti mwendo umene unadulidwa miyezi yambiri kumbuyoko ukupweteka. Mu 1871, Silas Weir Mitchell wa ku Philadelphia, amene anasamalira asilikali ovulala pa Nkhondo Yachiŵeniŵeni ya ku United States, anapatsa mkhalidwe umenewu dzina lachingelezi lotanthauza chiŵalo chamzukwa. Dzinalo lisasokeretse aliyense, pakuti nkhaniyi ilibe chochita ndi mizimu kapena ufiti, ndipo wodwalayo sanapenge. Ubongo umakhalabe ndi mbali imene inali kulandira mauthenga ochokera kumwendowo, ndipo minyewa yodulidwayo imapitiriza kutumiza mauthenga osokonezeka. Pakati pa 60 ndi 80 peresenti ya odulidwa chiŵalo amamva ululu umenewu panthaŵi ina. Zala zimene kulibe zimayabwa, ndipo chidendene chimene chinakwiriridwa kalekale chimatentha ngati chili pamoto.

M'ma 1990, V. S. Ramachandran anasonyeza kuti kalirole wamba angathandize ena. Wodwalayo amaika kaliroleyo mwa njira yakuti chiŵalo chotsalacho chionekere pamalo a chodulidwacho, ndiyeno amachiyendetsa akupenyerera. Mu 2007, njirayi inayesedwa pa kagulu kochepa ka odulidwa miyendo pa chipatala cha asilikali cha Walter Reed, ndipo onse amene anagwiritsira ntchito kalirole kwa milungu inayi ananena kuti ululu wachepa. Komabe, sithandiza aliyense.

Mtima nawonso umavulala. Kuchita tondovi ndi nkhaŵa nzofala kwambiri m'zaka ziŵiri zoyambirira, ngakhale kuti kwa ambiri zimachepa pambuyo pake. Ndipo pali mfundo ina yosautsa imene siyenera kubisidwa. Pakati pa odulidwa mwendo chifukwa cha shuga kapena kutsekeka kwa mitsempha, kufufuza kochuluka kwapeza kuti oposa theka amamwalira zaka zisanu zisanathe. Chochititsa chachikulu sindicho kusoŵa mwendo, koma nthenda imene inawononga mwendowo, imene imakhala itawononganso mtima ndi impso. Chotero aliyense wonena kuti kudulidwa mwendo nkanthu kakang'ono sananene zoona.

Oonerera Amaweruza Molakwa

Komabe, pamene anthu amene akukhala ndi kupunduka afunsidwa iwo eni, mayankho awo amadabwitsa ambiri. Mu 1999, Gary Albrecht ndi Patrick Devlieger anafalitsa zimene anapeza atafunsa anthu 153 opunduka m'njira zosiyanasiyana. Pakati pa awo amene kupunduka kwawo kunali kwakukulu ndithu, 54 peresenti ananena kuti moyo wawo unali wabwino kapena wabwino koposa. Ofufuzawo anaona zimenezi kukhala chothetsa nzeru, popeza kuti oonerera ambiri akanayembekezera yankho losiyana kotheratu.

Kufufuza kwina kotchuka, kwa mu 1978, kunayerekezera anthu 22 opata ndalama zambiri pa lotale ndi anthu 29 amene anafa ziŵalo pangozi. Nkhani yake imasimbidwa kaŵirikaŵiri monga kuti magulu aŵiriwo anali achimwemwe mofanana. Sizinali choncho. Pa muyeso woyambira pa 0 kufika pa 5, opata lotale anaika chimwemwe chawo pa 4, pamene ovulalawo anachiika pafupifupi pa 3. Kusiyana kunalipo. Chodabwitsa chinali chakuti ovulalawo sanadziike pansi penipeni, ndipo pamene anafunsidwa za chimwemwe chimene anali kuyembekezera mtsogolo, mayankho awo sanasiyane kwenikweni ndi a enawo.

Kodi nchifukwa ninji oonerera amaphonya motero? Munthu wa miyendo iŵiri akamayesa kulingalira za moyo wopanda mwendo, amalingalira za tsiku la opaleshoni, ndipo amaona mwendo wokhawokha. Amaiŵala kuti munthu sangaganize za chinthu chimodzi usana ndi usiku kwa zaka khumi. Mlimi amene anadulidwa mwendo kalekale amadzuka akudera nkhaŵa mvula, mtengo wa feteleza, ndi ndalama za sukulu ya mwana wake wamkazi. Amakondwa pamene mdzukulu wabadwa, amakangana ndi mnansi wake za malire a munda, ndipo nsima ya ndiwo zabwino imamkomera monga kale. Mwendowo umabwera m'maganizo pamene njira yaterera kapena pamene chilonda chabuka pa mbali yotsalayo, ndiyeno umachokanso. Woonererayo amatenga chisoni cha mlungu woyamba ndi kuchifutukula pa moyo wonse.

Ngakhale zili choncho, kungakhale kulakwa kunena kuti aliyense amazoloŵera kotheratu. Mu 2007, Richard Lucas anapenda mayankho amene anthu zikwi zambiri a ku Germany ndi ku Britain anapereka chaka ndi chaka. Anapeza kuti awo amene anapunduka kwa nthaŵi yaitali anatsika m'chikhutiro chawo cha moyo, ndipo ambiri sanabwererenso pamene anali poyamba. Chotero umboniwo uli ndi mbali ziŵiri. Moyowo ngwabwinopo kwambiri kuposa mmene oonerera amaganizira, komabe kutayako sikumafafanizika konse.

Pali chitsutso china chimene chiyenera kumvedwa. Katswiri wa zachuma wa ku India, Amartya Sen, anachenjeza kuti anthu okhala m'mavuto osatha amaphunzira kuchepetsa zokhumba zawo kuti apirire, kotero kuti angadzitche okhutira pamene kwenikweni akumanidwa zambiri. Kodi wodulidwa mwendo wonena kuti moyo wake ngwabwino sangakhale akungodzitonthoza? Nthaŵi zina zingakhale choncho. Koma chenjezo limenelo likagwiritsiridwa ntchito mosasamala, limatseka pakamwa mboni yokha imene inaona mbali zonse ziŵiri. Munthu wodulidwa mwendo ali wamkulu amadziŵa moyo wa miyendo iŵiri ndi wa mwendo umodzi, pamene womweruzayo amadziŵa umodzi wokha. Ndiponso, kuzoloŵera sikuli kwa opunduka okha. Munthu wa miyendo iŵiri nayenso anazoloŵera kusatha kuuluka, kukalamba, ndi imfa ya makolo ake, koma palibe amene amanena kuti chimwemwe chake nchachinyengo.

Kodi Vuto Lili Pamwendo Pokha?

Kufufuza kumene kunafalitsidwa mu 2002 kumaunikira nkhaniyi kuchokera kumbali ina. Madokotala a m'zipatala zazikulu zisanu ndi zitatu za ku United States anatsatira anthu oposa 500 amene miyendo yawo inaphwanyika kwambiri pangozi. Ena anadulidwa, pamene ena anachitidwa maopaleshoni otsatizana kuti mwendowo upulumuke. Ambiri akanayembekezera kuti opulumutsidwa mwendo adzakhala bwinopo. Koma patapita zaka ziŵiri, magulu aŵiriwo sanasiyane kwenikweni m'zimene anali okhoza kuchita tsiku ndi tsiku. M'gulu lililonse, pafupifupi theka anali atabwerera kuntchito, ndipo opulumutsidwa mwendo ndiwo anagonekedwanso m'chipatala kaŵirikaŵiri.

Kodi nchiyani nanga chimene chinasiyanitsa awo amene zinthu zinawayendera bwino ndi awo amene sizinatero? Zina mwa zinthu zazikulu zinali umphaŵi, kuchepa kwa maphunziro, kusoŵa njira yolipirira chithandizo cha mankhwala, kusoŵa achibale ndi mabwenzi ochirikiza, kusuta fodya, ndi kusadzidalira kwa munthuyo kuti angathe kuyambiranso zochita zake. Taonani kuti zambiri mwa zimenezi sizili m'thupi la wovulalayo. Zili m'nyumba mwake, m'mudzi mwake, ndi m'malamulo a dziko lake.

Anthanthi akale anatsutsana pa mfundo yomweyi. Epictetus, amene anali kapolo ku Rome ndipo anali wopunduka mwendo, anaphunzitsa kuti zochitikira thupi sizili m'manja mwa munthu, koma mmene iye amazionera ndimo muli ufulu wake, ndi kuti palibe nthenda imene ingamlande ufuluwo. Zaka mazana angapo iye asanabadwe, Aristotle anali ndi lingaliro losiyana. Iye anavomereza kuti khalidwe labwino ndilo maziko a moyo wachimwemwe, koma anaumirira kuti munthu amafunikiranso zinthu zakunja, zonga thanzi, mabwenzi, ndi chuma chokwanira.

Aliyense wa iwo anagwira mbali ya choonadi, ndipo kufufuza kwa mu 2002 kuja kumachirikiza onse aŵiri, pakuti kudzidalira kunali pa mpambo umodzimodzi ndi umphaŵi. Komabe, nkofunika kuona amene akulankhula. Chiphunzitso cha Epictetus chimapatsa nyonga pamene wopundukayo adziuza yekha. Pamene chinenedwa ndi munthu wa miyendo iŵiri kwa mnzake amene alibe ndalama ya basi yopitira kumene amapanga miyendo yoikirira, chimasanduka njira yaulemu yokanira kuthandiza.

Sen anafotokoza chifukwa china. Munthu wopunduka samangovutika kupeza ndalama, komanso amafunikira ndalama zochulukirapo kuti achite zimene ena amachita kwaulere. Mtunda umene mnzake amauyenda pansi, iye amaulipirira. Wophunzira wina wa zachuma, Wiebke Kuklys, anaŵerengera zimenezi ku Britain. Pakati pa anthu onse, 17.9 peresenti anali m'mabanja osauka, ndipo pakati pa mabanja okhala ndi wopunduka, chiŵerengerocho chinali 23.1 peresenti. Koma ndalama zowonjezereka zofunika chifukwa cha kupundukako zitaŵerengeredwa, chinakwera kufika pa 47.4 peresenti. Ngati zinali choncho m'dziko lolemera, kodi zingakhale bwanji kumene misewu ili yamchenga, zimbudzi zili zonyonyomala, ndipo madzi amatungidwa kuchitsime?

Pamene Moyo Uikidwa Pasikelo

Maboma amene ndalama zawo za mankhwala nzochepa ayenera kusankha zimene adzalipirira. Kuti achite zimenezo, ena amagwiritsira ntchito muyeso wotchedwa QALY. Chaka chimodzi cha thanzi langwiro chimaŵerengedwa monga 1, imfa monga 0, ndipo chaka cha munthu wodwala kapena wopunduka chimaikidwa penapake pakati. Muyesowo uli ndi ntchito yake. Ungasonyeze, mwachitsanzo, kuti kupima mapazi a odwala shuga nthaŵi zonse kumapindulitsa kwambiri poyerekezera ndi ndalama zake zochepa.

Koma talingalirani zimene zimachitika pamene anthu aŵiri afunikira mankhwala amodzimodzi opulumutsa moyo, wina wa miyendo iŵiri ndipo wina wa umodzi. Ngati onse aŵiri adzakhala zaka khumi zowonjezereka, masamuwo adzanena kuti kupulumutsa woyambayo kuli ndi phindu lalikulupo. Ndipo kaŵirikaŵiri manambala ake amachokera kwa anthu wamba ofunsidwa kuti ayerekezere moyo umene sanaukhalepo, oonerera omwe aja amene amaphonya. Nkhaniyi inabuka poyera ku United States mu August 1992, pamene boma lalikulu linakana makonzedwe a boma la Oregon ondandalika machiritso olipiriridwa kwa osauka. Chifukwa chimene linapereka chinali chakuti mpambowo unadalira pa malingaliro a anthu ofunsidwa patelefoni, amene anachepetsa mtengo wa moyo wa opunduka, motsutsana ndi lamulo la mu 1990 lotetezera opunduka. Makonzedwewo anavomerezedwa mu 1993 atasinthidwa.

Mbiri yasonyeza kumene kulingalira kotero kungafike ngati palibe chokuletsa. Mu 1920, ku Germany, katswiri wa malamulo Karl Binding ndi dokotala wa nthenda za maganizo Alfred Hoche anafalitsa buku lochirikiza kuti miyoyo ina njosayenerera kukhalapo ndi kuti kuithetsa kuyenera kuloledwa. Pofika August 1941, boma la Nazi linali litapha anthu pafupifupi 70,000 odwala maganizo ndi opunduka a m'zipatala ndi m'nyumba zowasungira. Kungakhale kupanda chilungamo kuika akatswiri a zachuma amakono m'gulu limodzi ndi akupha amenewo. Komabe, chochitikacho chimavumbula msampha umene uli m'mawu akuti moyo wabwino, pakuti mawuwo amabisa mafunso aŵiri osiyana. Loyamba nlakuti, Kodi zinthu zikumuyendera motani munthuyu? Lachiŵiri nlakuti, Kodi munthuyu ngwamtengo wotani? Funso loyamba lingayankhidwe ndi manambala, ndipo yankho lake limakwera ndi kutsika. Limauza anthu kumene chithandizo chikufunika. Funso lachiŵiri silimapimidwa pasikelo. Munthu amene zinthu zikumuyendera moipa ndiye woyenera kuthandizidwa choyamba, koma mafunso aŵiriwo akasokonezedwa, kuvutika kwake komweko kumakhala chifukwa chomuikira kumapeto kwa mzera.

Anthu akale a kuno anadziŵa kuti malire a pakati pa opunduka ndi osapunduka ngosakhalitsa. Iwo anati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Woweruza wa lero angakhale woweruzidwa wa maŵa.

Ngwazi Ndiponso Anthu Wamba

Pofuna kulimbikitsa odulidwa miyendo, ambiri amatchula ngwazi. Terry Fox wa ku Canada anadulidwa mwendo wamanja kumtunda kwa bondo mu 1977 chifukwa cha kansa ya m'mafupa, ali ndi zaka 18. Pa April 12, 1980, anayamba kuthamanga kuchokera ku St. John's ndi cholinga cha kudutsa dziko lonselo kuti asonkhanitse ndalama zofufuzira kansa. Anathamanga makilomita 5,373 m'masiku 143 kufikira kansayo itafalikira kumapapo, ndipo anamwalira mu June 1981. Mu 2018, timu ya Angola ya mpira wa odulidwa ziŵalo, imene oseŵera ake amathamanga ndi ndodo zoyendera ziŵiri ndi mwendo umodzi, inapata chikho cha dziko lonse ku Mexico.

Zitsanzo zimenezi zimagwetsa lingaliro lakuti moyo umathera pa tebulo la opaleshoni, ndipo zathandiza achichepere ambiri kudzuka pakama. Koma zingasandukenso chikoti. Gogo wa zaka 68 wodwala shuga, amene mtima wake ngwofooka, sadzathamanga mpikisano uliwonse. Ngati kulemekezedwa kwa wopunduka kudalira pa kuchita zodabwitsa, ndiye kuti iye afunikira kugula ulemu umene ena amaulandira kwaulere. Bungwe la World Health Organization limafotokoza ubwino wa moyo mogwirizana ndi mmene munthu mwiniyo amaonera malo ake m'moyo, malinga ndi chikhalidwe cha kwawo, zonulirapo zake, ndi zimene amayembekezera. Kwa gogoyo, zonulirapozo zingakhale kupita yekha kuchimbudzi, kukhala pakhonde akusenda mtedza ndi adzukulu, ndi kufunsidwabe maganizo pa nkhani za banja. Zimenezi sizimalembedwa m'nyuzipepala, koma ndizo zimene zimapangitsa tsiku lake kukhala lopiririka kapena losautsa.

Ngakhale kapangidwe ka mwendo woikirira kamadalira pa kumvetsera zimene mwiniyo akufuna. Anthu akhala akupanga ziŵalo zoikirira kwa nthaŵi yaitali. Chala chachikulu cha kuphazi chopangidwa ndi mtengo ndi chikopa, chopezedwa pa mtembo woumikidwa wa mkazi pafupi ndi Luxor ku Egypt, nchapakati pa 950 ndi 710 B.C.E. Komabe, m'ma 1960, dokotala wa mafupa P. K. Sethi wa ku Jaipur, m'dziko la India, anaona kuti odwala ake osauka anali kutaya miyendo yopangidwa motsanzira ya ku Ulaya ndi kubwerera ku ndodo zawo. Miyendoyo inapangidwira anthu ovala nsapato ndi okhala pamipando. Alimiwo anali kuyenda opanda nsapato, kunyonyomala, kukhala pansi atapinda miyendo, ndi kugwira ntchito m'minda yamatope. Mu 1968, iye ndi mmisiri wotchedwa Ram Chander Sharma anapanga phazi la mphira ndi mtengo, looneka ngati phazi lenileni, lokhoza kupindika ndi kuloŵa m'madzi, ndiponso lotsika mtengo kwambiri. Phazi limenelo lagwiritsiridwa ntchito ndi anthu ochuluka m'maiko ambiri. Chimene chinasintha sichinali matupi a alimiwo. Winawake anangoyamba wafunsa mmene iwo amakhalira.

Komabe, mu 2017 World Health Organization inayerekezera kuti mwa anthu khumi alionse ofunikira zipangizo zothandizira zonga miyendo yoikirira, mmodzi yekha ndiye amazipeza. Pamene asanu ndi anayi otsalawo anena kuti moyo wawo ngwovuta, mbali yaikulu ya vutolo siinachititsidwe ndi mpeni wa dokotala.

Chosankha cha Wodwala

Nanga bwanji za munthu amene akukana kudulidwa? Munthu wamkulu wolingalira bwino ali nako kuyenera kwa kusankha zochitidwa pathupi lake, ndipo madokotala a m'maiko ambiri amalamulidwa kulemekeza chosankhacho ngakhale pamene chidzamtayitsa moyo. Wokalamba wodwala kwambiri, amene opaleshoni ingangomwonjezera milungu yoŵerengeka ya ululu, angakane pa zifukwa zomveka, ndipo palibe ayenera kumutcha wamantha.

Koma chosankha chimakhala cha munthu mwini kokha ngati chazikidwa pa chidziŵitso choona. Pa tsiku limene akusankha, wodwalayo adakali woonerera. Akuweruza moyo umene sanaukhalepo, ali mu ululu, ali ndi mantha, ndipo mwinamwake chithunzi chokha chimene ali nacho ndicho cha wopemphapempha amene anamuona pa siteshoni ya basi. Pachifukwa chimenechi, zipatala zina zimalinganiza kuti wodwala wotero achezeredwe ndi munthu amene anadulidwa zaka zapitazo. Mlendo woteroyo angayankhe mafunso amene wodwala amachita manyazi kufunsa dokotala, onga mmene adzasambira, kaya mkazi wake kapena mwamuna wake adzamfunabe, ndi mmene ana adzamuonera.

Ndiponso, nkwanzeru kufunsa chimene wodwalayo akuopa kwenikweni. Kaŵirikaŵiri sindiwo mpeni. Ena amaopa kuti adzaikidwa m'manda ali osakwanira. Ambiri amaopa kukhala mtolo, kudyetsedwa mwa chifundo, ndi kumva anthu akutsitsa mawu pamene iwo aloŵa. Mantha ameneŵa saali opanda maziko, pakuti alipo amuna ndi akazi amene anathaŵidwa ndi anzawo a muukwati kapena kuchotsedwa ntchito imene akanatha kuichita atakhala pansi. Chotero kuneneratu kwa wodwalayo kungakhale koona kapena konama malinga ndi zimene anthu oimirira m'mbali mwa kama wake adzachita. Achibale amene amamuuza mosabisa amene adzamperekeza kuchipatala, chipinda chimene adzagonamo, ndi ntchito imene adzapitiriza kugwira pabanjapo amakhala atasintha yankho la funsolo. Awo amene amamchitira zonse, osamlola ngakhale kudzitungira madzi akumwa, angamlande zimene opaleshoni inamsiyira.

Bungwe la International Committee of the Red Cross, limene linayamba ntchito yopanga ziŵalo zoikirira m'maiko a nkhondo mu 1979, linaphunzira zimenezi ku Afghanistan. Alberto Cairo wa ku Italy, amene anafika ku Kabul mu 1990 ndi kugwira ntchito m'dzikolo kwa zaka zoposa 30, anaona kuti kupatsa munthu mwendo sikunali kokwanira ngati munthuyo analibe chochita ataimirira. Malo opangira ziŵalo a bungwelo anayamba kulemba ntchito opunduka, kufikira pamene pafupifupi antchito onse anali anthu amene poyamba anafika monga odwala. Chotero munthu wongodulidwa kumene, pofika kumeneko, kaŵirikaŵiri anali kupimidwa ndi kuphunzitsidwa kuyenda ndi mmisiri amene nayenso anali kuyendera mwendo woikirira.

Ndipo ulendo wa kumalo oterowo suli wa kamodzi kokha. Mbali yotsala ya mwendo imaphwa ndi kusintha m'miyezi yoyambirira, kotero kuti chikho chimene imaloŵamo chimakhwepa ndi kuyambitsa zilonda. Mwendo woikirira wa munthu wamkulu umatha patapita zaka zitatu kufikira zisanu, pamene wa mwana amene akukula umafunikira kusinthidwa pa miyezi 6 kufikira 12 iliyonse. M'ma 1990, bungwe lomwelo linaŵerengera kuti mwana wovulazidwa ndi bomba ali ndi zaka khumi angafunikire miyendo yoikirira pafupifupi 25 m'moyo wake wonse.